Mpando Wawo Uli Kuti M'holo ya Kanema?

Inu eni nyumba zoonetsera kanema, inu opanga mafilimu, ndi inu achimwene amene mumayendetsa vidiyo sho kuseri kwa msika, ndili ndi pempho limodzi ndipo sindilinena monong'ona. Munthu wosamva ndi munthu wosaona apeze mpando m'holo mwanu. Alipire pakhomo ngati wina aliyense, akhale pakati pa anzake, aseke pamene holo yonse ikuseka, mtima umugunde pamene zinthu zavuta, ndipo potuluka akhale ndi mbali yake pa mkangano uja wa m'njira wakuti wolakwa anali mwamuna kapena mkazi. Zimenezi n'zotheka. Zikuchitika kale m'mayiko ena, ndipo kwina zinayamba ndi TV imodzi ndi munthu mmodzi wodziwa kulongosola nkhani.

Ndikudziwa zimene muyambe kuyankha: "Ife pakhomo sitibweza munthu." Zoona, simubweza. Koma kulowetsa munthu wosamva mufilimu yopanda mawu olembedwa kuli ngati kumuitanira ku ukwati, kumukhazika pampando wabwino, kenako n'kumuikira mbale yopanda kanthu. Iye amangoona milomo ikugwedezeka kwa maola awiri. Mnzake wosaona amamva nyimbo ikukwera, anthu akukuwa, kenako zii, koma wagwa ndani, wathawa ndani, sakudziwa. Akafunsa wapafupi, akumbuyo amati akusokosa. Ulendo wina sabweranso, ndipo mwini holo amatsimikiza mumtima kuti anthu amenewa sakonda kanema.

Mbiri ikukana zimenezo. Kanema atangoyamba analibe mawu. Zokambirana zinkalembedwa pa makadi ooneka pakati pa zithunzi, ndipo nkhani inkayenda ndi nkhope, maso ndi manja a ochita sewero. M'maholo a nthawi imeneyo wosamva ankatsatira filimu mofanana ndi wakumva, mwinanso kuposa. Ena mwa iwo anali m'mafilimu momwemo: Granville Redmond, katswiri wojambula zithunzi yemwe anali wosamva, anali bwenzi la Charlie Chaplin ndipo anaoneka m'mafilimu ake angapo. Ndiye mu 1927 kunatuluka The Jazz Singer, filimu imene inatsegula nyengo ya mafilimu olankhula. Dziko linaomba m'manja. Pasanathe zaka zambiri makadi aja anatha, ndipo anthu osamva, amene dzulo lake anali makasitomala okhulupirika, anatsala panja. Makutu awo sanasinthe chilichonse mu 1927. Anasintha ndi opanga mafilimu, posankha njira imene inasiya ena m'mbuyo. Zimene anthu anasankha, anthu angathenso kuzisintha.

Mmodzi mwa otsala panjawo anali Emerson Romero, wobadwira ku Havana m'dziko la Cuba, amene anasiya kumva ali mwana chifukwa cha matenda. Ankachita sewero m'mafilimu opanda mawu pa dzina loti Tommy Albert, ndipo mafilimu olankhula anamulanda ntchito. Bamboyu sanakhale pansi n'kumalira. Mu 1947 anapeza mafilimu angapo, n'kumadula tepi yake ndi kumatamo tizidutswa tolembedwa zimene ochita sewero akunena, n'kumabwereketsa ku masukulu ndi magulu a anthu osamva. Ntchitoyo inali yokhakhala: filimu inkatalika, mawu ankadukaduka, ndalama zinamuthera. Komabe anthu anaona ndi maso awo kuti n'zotheka. Akuluakulu a masukulu awiri a ana osamva, Edmund Boatner ndi Clarence O'Connor, anaitola ntchitoyo, ndipo mu 1958 boma la America linakhazikitsa lamulo loti liziika ndalama pa mafilimu okhala ndi mawu olembedwa.

Kumbali ya osaona kunali mayi wina wa ku Washington, Margaret Pfanstiehl, yemwe maso ake anafooka mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Iye ankakonda zisudzo ndipo anakana kuzisiya. Mu 1981, mogwirizana ndi nyumba ya zisudzo ya Arena Stage, anayambitsa njira yoti munthu wophunzitsidwa bwino azinena zimene zikuchitika pasiteji, osaona n'kumamvera kudzera m'kachipangizo ka kukhutu. Siteshoni ya WGBH ya ku Boston inatengera luso limeneli pa TV mu 1990, ndipo mu 1997 linalowa m'nyumba zoonetsera kanema. Taonani bwino anthu amene anali patsogolo: wosamva ndi wosaona, eni vutowo. Sanadikire kuti wina awamvere chisoni.

Ngakhale lamulo silinatsegule chitseko tsiku limodzi. America inakhazikitsa lamulo lake lalikulu loteteza anthu aulumali, lotchedwa ADA, mu 1990, koma eni maholo ambiri anapitiriza kunena kuti udindo wawo umathera pa kulowetsa munthu. Panafunika milandu. Mu 2010 khoti la apilo, pa mlandu wa boma la Arizona ndi kampani ya Harkins, linagamula kuti mawu olembedwa ndi kufotokozera zithunzi zili m'gulu la thandizo limene lamulolo limafuna. Malamulo achindunji anatuluka mu 2016, patapita zaka 26, ndipo maholo oonetsa mafilimu a digito anapatsidwa mpaka mwezi wa Juni 2018 kuti akonzeke. Malamulowo sanathere pa kugula zipangizo. Anatinso holo izilengeza mafilimu amene ali ndi thandizoli, ndipo pazikhala wantchito wodziwa kupeza chipangizocho, kuchiyatsa ndi kumulangiza kasitomala. Mfundo yomalizayi musaipeputse. Chipangizo chotsekeredwa m'kabati ya bwana amene wapita ku nkhomaliro sichinathandizepo munthu.

Mmene zimayendera si zamatsenga ayi. Masiku ano filimu imafika ku holo ngati mafayilo a pakompyuta, ndipo mafilimu ambiri a makampani akuluakulu amabwera ali kale ndi fayilo ya mawu olembedwa komanso ya mawu a wofotokozera. Wosaona amapatsidwa mahedifoni, amamva filimu limodzi ndi anzake, ndipo pamene ochita sewero akhala chete amamva mawu ena akumuuza zimene zikuoneka. Wosamva amapatsidwa kasikirini kakang'ono kokhala ndi khosi lopindika, kamene amakazika pa mpando wake, kapena magalasi apadera ngati amene kampani ya Sony inapanga, oonetsa mawu ngati akuyandama kutsogolo kwake. Kawirikawiri ntchito yovuta imakhala itachitika kale kumene filimu yachokera. Chotsala n'chakuti mwini holo afune.

Koma ndinene mosabisa: tizipangizo ta osamvati si mapeto a nkhani. Batire limatha filimu ili pakati. Mawu amadumpha, kapena amatsalira m'mbuyo. Maso amatopa ndi kuthamanga pakati pa sikirini yaikulu ndi yaing'ono. Mu 2018 Nyle DiMarco, mnyamata wosamva wotchuka pa TV ku America, anatuluka m'holo filimu ya Black Panther isanapite patali chifukwa chipangizo chake chinkameza mawu, ndipo atadandaula poyera, osamva ambiri anati nawonso n'zomwezo. Chachikulu chinachitika mu Januwale 2023 ku chikondwerero cha mafilimu cha Sundance. Mmodzi mwa oweruza anali Marlee Matlin, mayi wosamva amene anapata mphoto ya Oscar mu 1987 ali ndi zaka 21. Pa chionetsero cha filimu ya Magazine Dreams, chipangizo chimene anamupatsa sichinagwire ntchito. Oweruza anzake awiri, Jeremy O. Harris ndi Eliza Hittman, anthu akumva bwinobwino, ananyamuka naye limodzi n'kutuluka. Ine nkhani imeneyi imandilimbitsa mtima kuposa malamulo onse aja. Anthu awiriwo akanatha kukhala, kuonera, n'kudzamufotokozera pambuyo pake. Iwo anaona kuti mnzawo akatsala panja, nawonso alibe chokhalira mkati. Funso langa kwa inu akumva ndi openya ndi lakuti, mukanakhala inu, mukananyamuka?

N'chifukwa chake osamva ambiri amapempha chinthu chapafupi: mawu alembedwe pasikirini yaikulu pomwepo, aliyense awaone. Palibe batire, palibe kukapempha kwa wapakhomo, palibe kugula chipangizo. Dera la Hawaii linakhala loyamba ku America kulamula zionetsero zotere mu 2015, ndipo mzinda wa New York unatsatira ndi lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu 2022. Filimu ya CODA, yonena za mtsikana wakumva wobadwira m'banja la asodzi osamva, inaonetsedwa m'maholo a ku America ili ndi mawu pasikirini kwa aliyense. Kodi inagwa? Inatenga Oscar ya filimu yopambana zonse mu 2022, ndipo Troy Kotsur anakhala mwamuna woyamba wosamva kupata Oscar ya kuchita sewero. Amene amati mawu olembedwa amasokoneza akayang'ane achinyamata athu mu minibasi, akutsatira timakanema pafoni mwa kuwerenga, voliyumu ili pansi. Ndipo mukakonza chionetsero chotere, musachiponye Lachiwiri m'mawa pamene aliyense ali ku ntchito kapena ku sukulu, n'kumadzati sikunabwere anthu. Wosamva nayenso amafuna kupita ndi wokondedwa wake Loweruka madzulo.

Alipo ena amene samva komanso saona. Mwina mukuti apa ndiye pathera nzeru. Bambo wina wa ku Pennsylvania, Paul McGann, anafuna kutsatira filimu ya Gone Girl kudzera mwa womasulira womulankhula ndi zizindikiro za m'manja mwake, iye n'kumazimva pokhudza. Atakanizidwa anapita kukhoti, ndipo mu 2017 khoti la apilo linati kumasulira kotereku nakonso ndi thandizo limene lamulo limalizindikira. Bamboyu anadziwa kuti nkhani yabwino imalowa ngakhale kudzera m'zala.

Tsopano wina ati, "Zimenezo n'za ku America, kuli ndalama." Tiyeni ku Beijing. Bambo wina, Wang Weili, tsiku lina ankaonera filimu ya The Terminator ali ndi mnzake wosaona, ndipo anayamba kumufotokozera zonse zimene zinkaoneka. Chisangalalo cha mnzakeyo chinamusintha. Mu 2005 iye ndi mkazi wake anatsegula kachipinda m'nyumba yakale, muli TV, makina a DVD ndi mipando yowerengeka, n'kupatcha malowo Xinmu. Loweruka lililonse osaona ankabwera kuchokera mbali zosiyanasiyana za mzindawo, wofotokozera n'kukhala kutsogolo ndi maikolofoni. Ku Tokyo, mayi Chihoko Hiratsuka ndi gulu lake la anthu odzipereka anatsegula Cinema Chupki Tabata mu 2016 ndi ndalama zosonkha anthu. Ndi kaholo ka mipando pafupifupi 20. Mpando uliwonse uli ndi pobayira mahedifoni, filimu iliyonse imakhala ndi mawu olembedwa, ndipo ikafika yopanda mawu a wofotokozera amawajambula okha. Kumeneko kulibe tsiku la olumala. Tsiku lililonse ndi la aliyense. Nanga kachipinda ka Wang Weili kakusiyana pati ndi vidiyo sho ya pa Ndirande, pa Mchesi kapena pa Chibavi?

Apa ndi pamene mtima wanga umatentha, chifukwa luso limene ena anachita kulifufuza kwa zaka, ife tili nalo kale. Ndani sadziwa anyamata athu omasulira mafilimu a ku China, ku India ndi ku Nigeria m'Chichewa, amene amachititsa agogo osadziwa Chingerezi kutsatira filimu kuyambira poyamba mpaka pothera? Ndani sanaonepo anthu ataunjikana pa wailesi, akudumpha ndi chigoli chimene sanachione, chifukwa woulutsa mpira wawajambulira bwalo lonse ndi pakamwa? Mtundu umene unakula ndi masewero a pa wailesi a Sewero la Sabata Ino ndi Kapalepale sungauzidwe kuti nkhani siyenda popanda maso. Chofunika ndi kuliwongola lusolo. Wofotokozera osaona salankhula pamwamba pa ochita sewero, amadikira mpata. Sanena kuti "Taonani zimene akuchitazo!" chifukwa womverayo sangaone, amati, "Mayi uja watsegula chikwama, watulutsa kalata, manja akunjenjemera." Samuuza womvera kuti bamboyo ndi woipa mtima, amanena kuti wabisa mpeni kumsana, womverayo aweruze yekha ngati mmene wopenya amachitira. Amawerenga zolembedwa zooneka pasikirini, amatchula amene walowa ndi amene watuluka, saulula za kutsogolo, ndipo nthabwala zake amazisunga. Pamene nyimbo kapena kulira kukunena zonse, amakhala chete. Achimwene omasulira, imeneyi ndi ntchito yaulemu, ndipo ikukudikirani.

Inu opanga mafilimu athu, dzina la Malawi mwalikweza. Shemu Joyah anatipatsa Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise. Joyce Mhango Chavula anabweretsa mphoto ya Africa Magic mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Filimu ya nkhani ya William Kamkwamba inazungulira dziko lonse mu 2019, Chichewa chikumveka m'nyumba za anthu amene sanachimvepo, iwo akuwerenga tanthauzo lake pansi pa sikirini. Ndiye kulemba mawu pansi pa filimu timakudziwa. Timatero mosanyinyirika kuti woweruza wa ku chikondwerero chakunja atimvetse. Bwanji osatero kuti mwana wosamva wa kwa aneba atimvetse? Kumbukirani kuti iye amafuna zoposa zokambirana. Alembereni amene akulankhula ngati sakuoneka, muwauze kuti wina akugogoda, galu akuuwa, mfuti yalira, ng'oma yayamba. Mawu asathamange kuposa maso. Mapulogalamu aulere alipo: Subtitle Edit yolembera mawu, Audacity yojambulira wofotokozera, VLC yoonetsera. Ikani ntchitoyi mu bajeti kuyambira tsiku loyamba, pafupi ndi ndalama ya kamera ndi ya chakudya cha ochita sewero, osati kuikumbukira filimu itatha ndalama zitauma.

Musaiwalenso kuti kwa osamva ambiri chinenero choyamba ndi cha manja, ndipo si onse anapeza mwayi wa sukulu wokwanira kuti aziwerenga mothamanga. Pa chionetsero chachikulu, womasulira chinenero cha manja aime pambali pa sikirini, nyali imuwalire, osamva akhale pomuona bwino. Ku America filimu ya Barbie inatulutsidwanso mu 2023 ili ndi womasulira wa manja pakona. Ndipo chonde musachite zonsezi mongoganizira. Pitani ku bungwe la anthu osamva la MANAD, pitani ku Malawi Union of the Blind, muwaonetse ntchitoyo isanatuluke, akuuzeni pamene mwaphonya, ndipo muwalipire monga akatswiri, pakuti pa nkhaniyi ndiwo akatswiri.

Si nkhani ya chifundo iyi, ndi ngongole. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, limene Malawi inavomereza mu 2009 ndipo Zambia mu 2010, m'ndime yake ya 30 limatchula mafilimu ndi nyumba zoonetsera kanema mwachindunji. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 anaika chinenero cha manja pamndandanda umodzi ndi Chichewa mwa zinenero 16 zovomerezeka, ndipo South Africa inachipanga kukhala chinenero cha boma cha nambala 12 mu 2023. Kalembera wa ku Malawi wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wina wake, ndipo vuto la maso ndilo linali patsogolo. Bungwe la WHO limati padziko lonse anthu pafupifupi 430 miliyoni ali ndi vuto lalikulu la kumva. Amenewa si anthu ochepa oti n'kuwaiwala, ndipo sabwera okha: amabwera ndi mkazi, ana ndi anzawo, onse ndi ndalama ya pakhomo. Komanso chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ng'ala, shuga, malungo aakulu, ngozi ya pamsewu ngakhale ukalamba weniweniwo sizisankha nyumba. Holo imene mukuikonzera mnzanu lero ndi yomwe idzakulandireni inu makutu akadzayamba kulemera.

Kwa inu abale anga osamva ndi osaona, ndi inu makolo amene mukulera ana otere: musadzichotse nokha pamzere. Pitani, funsani, bwererani, funsaninso. Lemberani mwini holo, lemberani Film Association of Malawi, lemberani siteshoni ya TV. Pitani muli gulu kuti akuoneni. Kudandaula kumagwira ntchito. Bungwe la osamva la ku America linasumira Netflix, ndipo mu 2012 kampaniyo inavomera kuika mawu olembedwa pa zonse zimene imaonetsa. Mu Epulo 2015 Netflix yomweyo inatulutsa Daredevil, sewero la ngwazi yosaona, lopanda mawu ofotokozera osaona. Anthu anakweza mawu, ndipo sabata isanathe mawuwo anaikidwa. Simukupempha mwayi wapadera. Mukufuna chimene aliyense wolipira pakhomo amalandira, ndicho nkhani yathunthu.

Ku Mua, ku Embangweni ndi ku Mary View kuli ana osamva. Ku Chilanga ndi ku Lulwe kuli ana osaona. Mwa iwo muli olemba nkhani, ochita sewero ndi otsogolera mafilimu a mawa, koma mwana salakalaka ntchito imene sanailawepo kukoma kwake. Inu amene muli ndi pulojekita ku tchalitchi, ku mzikiti, ku koleji kapena ku bungwe, sankhani filimu imodzi mwezi uno. Pezani mphunzitsi wodziwa chinenero cha manja. Pezani mnyamata kapena mtsikana wa mawu omveka, aonere filimuyo kangapo, alembe zoti akanene, ayeserere ndi munthu wosaona. Lengezani pa wailesi kuti osaona amve, lembani pa zikwangwani ndi pa WhatsApp kuti osamva awerenge. Ikatha filimuyo musathamangire kuzimitsa magetsi: afunseni alendo anuwo pamene panawavuta, mukonze, mwezi wamawa muonetsenso ina. Ndipo inu opanga mafilimu, filimu yanu yotsatira isatuluke m'studiyo yopanda mawu olembedwa ndi mawu a wofotokozera.